Utsi sufunditsa nyumba

Nyengo yozizira

Mwezi wa Juni ukafika, ku Angónia kumazizira kwambiri. Ku Tsangano kumazizira, ndipo ku Lichinga nakonso kumazizira. Madera amenewa ali pamwamba, mamita oposa 1,000 kucokera pa nyanja yamcere. Mzinda wa Tete uli m'munsi, m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi, ndipo kumeneko kumatentha. Koma ku Ulónguè, m'mawa wa Juni ndi Julayi, mwana amapita kusukulu manja ali m'khwapa.

Madzulo banja limasonkhana pamoto. Mayi amaphika nsima pa mafuwa atatu. Akatha kuphika, bambo amaika cikuni cacikulu pamoto. Agogo amayamba nthano, ana n'kumayankha kuti "tili tonse". Moto umafunditsa, umawalitsa, ndipo umasonkhanitsa anthu. Palibe amene angauze banja kuti lileke kuwotha moto m'nyengo yozizira.

Koma pali cinthu cimodzi coyenera kusintha. Nyumba zambiri zimadzaza utsi. Ana amatsokomola, maso awo n'kufiira. Anthu ena amaganiza kuti nyumba ikadzaza utsi ndiye kuti yafunda. Zimenezi si zoona. Utsi sufunditsa nyumba. Utsi umatha nkhuni, umadwalitsa ana, ndipo umatha mitengo ya m'phiri. Banja lingathe kufunda bwino ndi nkhuni zocepa ndiponso utsi wocepa.

Kodi utsi nciyani?

Nkhuni zikatentha, zimatulutsa mpweya umene umayaka. Mpweya umenewo ukayaka, anthu amaona malawi. Ukapanda kuyaka, anthu amaona utsi. Conco utsi ndi nkhuni zimene zathawa moto zisanapse.

Mwana aliyense angaone zimenezi ndi maso ake. Moto ukamafuka, mayi amawerama n'kuuzira. Malawi akabuka, utsi umacepa nthawi yomweyo, ndipo moto umatentha kwambiri. Nkhuni ndi zomwezo, koma tsopano zikuyaka bwino.

Kuti moto uyake bwino umafuna zinthu zitatu. Umafuna nkhuni zouma. Umafuna mpweya wokwanira. Umafunanso malo otentha, ochingika ku mphepo. Cimodzi cikasowa, utsi umaculuka.

Mwaye wakuda umene uli ku denga umacokera mu utsi. Mayi anasenza nkhuni pamutu kucokera kutali, koma gawo lina la nkhunizo silinafunditse munthu aliyense. Linangodetsa denga ndi zifuwa za ana.

Mafuwa atatu

Mafuwa atatu ndi akale kwambiri, ndipo ali ndi ubwino wake. Safuna ndalama. Mphika waukulu ndi waung'ono umakhalapo bwino. Mafuwa akasowa, munthu amangotola miyala ina.

Koma moto wa pa mafuwa uli pa mtetete. Mphepo imaukankhira uku ndi uku. Anthu amene anayeza moto wotere anapeza kuti pa nkhuni 10, kutentha kumene kumalowa mu mphika ndi kwa nkhuni imodzi kapena ziwiri zokha. Kutentha kwina konse kumadutsa m'mbali.

Wina anganene kuti m'nyengo yozizira zimenezi nzabwino, cifukwa kutentha kodutsa m'mbaliko ndi kumene banja limawotha. Mau amenewa ndi oona pang'ono. Koma mpweya wotentha sukhala pansi. Umakwera kumwamba n'kutulukira m'denga la udzu. Munthu amene ali pafupi ndi moto amafunda kumaso, msana uli zii. Moto ukazima pakati pa usiku, nyumba imazizira msanga, cifukwa palibe cimene casunga kutenthako. Kuti banja lifunde mpaka m'mawa, liyenera kusonkhezera usiku wonse. Likatero limapuma utsi usiku wonse.

Utsi ndi cifuwa ca mwana

Mu utsi muli tinthu ting'onoting'ono timene maso saona. Tinthu timeneti timalowa m'mphuno mpaka m'mapapo. Mapapo a mwana ndi anthete, ndipo mwana amapuma mofulumira kuposa wamkulu. Khanda limene lili kumsana kwa mayi ake limapuma utsi wonse umene mayi akupuma pophika.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, limene m'Cipwitikizi limachedwa OMS, linawerengera anthu amene anafa cifukwa ca mpweya woipa wa m'nyumba. M'caka ca 2020 anali pafupifupi 3.2 miliyoni. Mwa iwo, oposa 237,000 anali ana osakwana zaka 5. Matenda amene amapha ana ambiri otere ndi cibayo.

Mwana wodwala cibayo amatsokomola, amatentha thupi, ndipo amapuma mwabefu. Nthawi zina nthiti zake zimalowa m'kati akamapuma. Mwana wotere apite naye kucipatala tsiku lomwelo. Makolo asadikire kuti kuce kawiri.

Moto wa pa mtetete uli ndi ngozi inanso. Mwana wokwawa angagwere pamoto. Nsalu ingagwire moto munthu ali m'tulo. Ngozi zotere zimaculuka m'miyezi yozizira, cifukwa anthu amagona pafupi ndi moto.

Makala m'cipinda cotseka

Mabanja ena, makamaka m'tauni, amawotha mbaula ya makala. Makala safuka kwambiri, conco anthu amaganiza kuti alibe vuto. Amalowetsa mbaula kucipinda, n'kutseka citseko ndi zenera, n'kugona.

Zimenezi nzoopsa kuposa utsi. Makala akamayaka amatulutsa mpweya wakupha. Mpweya umenewu ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo sulasa m'maso. Munthu amayamba kumva mutu ndi cizungulire. Ena amasanza. Amene ali m'tulo sadziwa kanthu, ndipo angathe kufa osadzuka.

Lamulo lake ndi limodzi, ndipo mwana wa kalasi yoyamba angathe kuliloweza: mbaula ya makala sigona m'cipinda. Anthu asanagone, mbaula ituluke panja. Ngati wina wamva mutu kapena wafooka pafupi ndi mbaula, atsegule citseko, amutulutse panja, ndipo athamange naye kucipatala.

Nkhuni zouma

Njira yoyamba yocepetsera utsi sifuna ndalama. Ndi kuumitsa nkhuni.

Mtengo wongodulidwa kumene uli ndi madzi ambiri. Mitengo ina, theka la kulemera kwake ndi madzi. Nkhuni yaiwisi ikaikidwa pamoto imalira, ndipo kumapeto kwake kumatuluka thovu. Moto umayamba waumitsa madzi amenewo, kenaka ndi pamene umafunditsa anthu. Munthu wosonkha nkhuni zaziwisi amakhala ngati akuthira madzi pamoto wake womwe.

Nkhuni youma imapepuka. Kumapeto kwake kumakhala ming'alu. Ziwiri zikagundana zimalira mokweza. Nkhuni zotere zimayaka msanga, ndipo zocepa zimakwanira.

Cisanu sicibwera modzidzimutsa. Caka ciliconse cimabwera mvula ikatha. Banja lanzeru limakonza nkhuni miyezi ingapo cisanu cisanafike. Limaziwaza kuti zikhale zazing'ono, cifukwa zowaza zimauma msanga. Limazisanja pa miyala kapena pa mitengo iwiri kuti zisakhudze dothi. Pamwamba limafolera, koma m'mbali limasiya kuti mphepo idutse.

Zitsononkho, mapesi ndi mitengo ya nandolo zikauma zimayakanso bwino. Koma mapulasitiki, nsapato zakutha ndi matabwa opaka utoto zisaikidwe pamoto. Utsi wake ndi woipa kwambiri.

Mbaula ya dothi

Njira yaciwiri ndi kupatsa moto nyumba yake. Mbaula youmba ndi dothi imachinga mphepo. Moto umakhala malo amodzi otentha, ndipo malawi amalunjika pa mphika.

Ku Moçambique kuli mbaula yotere imene imachedwa Poupa Lenha, kutanthauza kuti yosunga nkhuni. Kutsidya kwa malire, ku Malawi, amayi amaumba ina yochedwa Chitetezo Mbaula. Amaiumba ndi dothi la mtapo ngati mphika, n'kuiwocha mu uvuni. Mbaula yotere imapulumutsa pafupifupi mtolo umodzi pa mitolo itatu iliyonse. Mayi amene ankapita kunkhuni katatu angathe kupita kawiri.

Komabe mbaula yophikira inapangidwa kuti itenthetse mphika. Sinapangidwe kuti ifunditse cipinda. Ndi cifukwa cake mabanja ena amaigwiritsa nchito m'cilimwe, koma Juni akafika amabwerera ku mafuwa. Mabanja amenewa sakulakwa poganiza za cisanu. Kudera lozizira kumafunika mbaula imene imacita nchito ziwiri: kuphika ndi kufunditsa.

Mbaula yosunga kutentha

Mwala umene wakhala padzuwa tsiku lonse umakhalabe wofunda dzuwa litalowa. Uvuni wa njerwa umatenthabe masiku angapo moto utazima. Dothi, njerwa ndi miyala zimamwa kutentha, ndipo zimakubweza pang'onopang'ono.

Anthu a m'maiko ozizira kwambiri, monga Rússia ndi Finlândia, anadziwa zimenezi kalekale. Kumeneko madzi amaundana miyezi yambiri. Iwo amamanga mbaula zazikulu za njerwa kapena miyala m'kati mwa nyumba. Amasonkha moto waukulu kamodzi kapena kawiri pa tsiku. Moto umayaka mwamphamvu nthawi yocepa, n'kuzima. Koma njerwa zija zimafunditsa nyumba usiku wonse.

Nzeru imeneyi ingagwire nchito ku Angónia, cifukwa njerwa ndi dothi zilipo. Mbaula yomanga ndi njerwa, yomata bwino, imamwa kutentha pamene mayi akuphika cakudya ca madzulo. Moto ukazima, thupi la mbaula limakhalabe lofunda. Ana angakhale pafupi popanda kugwera pa malawi. Banja lingagone moto utazima.

Mbaula yotere ifunika cumuni, ndiyo njira yotulutsira utsi panja. Cumuni imakoka utsi kupita kumwamba, ndipo pokoka imalowetsa mpweya watsopano pamoto. Motero moto umayaka bwino, ndipo utsi sukhala m'nyumba.

Cumuni ili ndi malamulo ake. Isakhudze udzu wa denga kapena mitengo ya phaso, cifukwa ingawoche nyumba. Italike kupitirira denga. Mwaye ucotsedwe kawirikawiri, cifukwa ukaculuka umatseka njira ndipo ungayake. Ming'alu ya mbaula imatidwe msanga. Amange ndi munthu amene anaphunzira nchito imeneyi.

Zimene anapeza kwina

Madokotala anayesa kuona ngati mbaula zabwino zimatetezadi ana. Anayesa m'malo awiri, ndipo zimene anapeza sizinafanane.

Malo oyamba ndi ku Guatemala, dziko la ku América. Kumeneko kuli mapiri ozizira, ndipo anthu amaphika ndi kuwotha nkhuni m'nyumba monga ku Angónia. Mabanja ena anapatsidwa mbaula za cumuni, ena anapitiriza ndi moto wa pa mtetete. Zotsatira zake zinatuluka mu 2011. M'nyumba za cumuni, utsi umene ana ankapuma unatsika ndi theka. Cibayo coopsa cinatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Malo aciwiri ndi ku Malawi, m'maboma a Chikwawa ndi Karonga. Kumeneko anatsata ana oposa 10,000. Mabanja ena anapatsidwa mbaula zofuka pang'ono, koma zopanda cumuni. Zotsatira zake zinatuluka mu 2016. Ana opsa ndi moto anacepa, koma cibayo sicinacepe. Mbaula zina zinkaonongeka, mabanja ena ankaphikabe pa mafuwa, ndipo ana ankapumabe utsi wa zinyalala ndi wa nyumba zoyandikana.

Phunziro lake ndi lakuti mbaula yokha sikwanira. Utsi uyenera kutuluka panja, mbaula iyenera kusamalidwa, ndipo mudzi wonse uyenera kucepetsa utsi. Katemera wa ana ndi cipatala zikufunikabe monga kale.

Mau a agogo

Agogo ena safuna kusiya mafuwa, ndipo ali ndi zifukwa zawo. Zifukwa zimenezi ziyenera kumvedwa mwaulemu.

Agogo amati utsi umateteza denga ku ciswe ndi tizilombo. Amatinso cimanga ca mbeu copacika pamwamba pa moto sicifumbwa. Zimenezi nzoona. Koma mbeu ingapacikidwe m'khichini ya panja, kumene anthu sagona. Ingasungidwenso youma bwino m'cotengera cotseka. Denga likatha, udzu wina umamera. Mapapo a mwana alibe osinthira.

Agogo amati utsi umathamangitsa udzudzu. Utsi ukatha, udzudzu umabwerera. Coteteza ceniceni ku malungo ndi kugona m'neti usiku uliwonse.

Agogo amati mbaula yotseka siwala, ndipo nthano sizikoma mumdima. Apa agogo akunena zoona ndithu. Koma khomo la mbaula limaonetsa malawi, ndipo masiku ano kuli tinyali ta dzuwa timene sitifuna mafuta. Moto wa nthano ungasonkhedwenso panja, pabwalo, kumene utsi umapita ndi mphepo.

Bambo nawo amati cumuni ya citsulo imafuna ndalama. Izinso nzoona. Banja limene silingathe caka cino liyambe ndi zimene lingathe: kuumitsa nkhuni, kuumba mbaula ya dothi, ndi kusiya mpata pamwamba pa khoma kuti utsi uzitulukira. Zitseko ndi mazenera obowoka atsekedwe bwino m'cipinda cogona, mmene mulibe moto. Bulangeti ndi cipewa zimafunditsa popanda utsi.

Mitengo ya m'phiri

Nkhuni iliyonse inali mtengo. Pakati pa 2003 ndi 2013, dziko la Moçambique linkataya mahekitala a nkhalango pafupifupi 267,000 caka ciliconse. Gawo lalikulu linatha cifukwa ca kutsegula minda yatsopano. Nkhuni ndi makala zinatha gawo locepa. Koma pafupi ndi midzi ikuluikulu ndi matauni, nkhwangwa ya nkhuni ndi uvuni wa makala zimaonekera msanga.

Akuluakulu a ku Angónia ndi Tsangano anaona zimenezi ndi maso awo. Pa nthawi ya nkhondo, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ambiri ku Dedza ndi ku Ntcheu. Anthu ataculuka malo amodzi, mitengo yozungulira inatha, ndipo amayi ankayenda mitunda italiitali kufuna nkhuni. Mtendere unabwera mu 1992, anthu n'kubwerera kwawo. Amene anaona phiri likusanduka dazi amadziwa kuti zimenezi sizitenga zaka zambiri.

Makala amatha mitengo kuposa nkhuni. Mu uvuni wa dothi, kuti papezeke kilo imodzi ya makala pamapsa makilo asanu a mitengo kapena kuposa. Kutentha kwambiri kumathera kuchire komweko.

Phiri likakhala lopanda mitengo, mvula imakokolola nthaka. M'minda mumabadwa zigwembe. Akasupe amauma msanga, ndipo mitsinje monga Revúbuè imanyamula matope kupita nawo ku Zambezi. Cimanga ndi mbatata zimacepa, cifukwa nthaka yabwino yapita.

Palinso nkhani ya mpweya wa dziko lonse. Mtengo ukamakula umamwa mpweya umene umatenthetsa dziko. Ukapsa umaubweza. Ngati mtengo wina wamera pamalo pake, mpweya uja umamwedwanso. Ngati sunamere, mpweya umatsala kumwamba, ndipo nyengo imapitiriza kusintha. Conco nkhuni siziononga dziko ngati mitengo ikubwerera. Zimaononga ngati odula aculuka kuposa obzala.

Mitengo yaciliengedwe monga mombo ndi msuku imaphukira pa citsa. Citsa cisawochedwe ndipo cisazulidwe. Mphukira zikaculuka, mwini munda asiye ziwiri kapena zitatu zamphamvu. Pofuna nkhuni, ndi bwino kudula nthambi kusiyana ndi kugwetsa mtengo wonse. Moto wolusa wa m'chire umapha mphukira, conco usayatsidwe.

Pa nthawi ya Pulezidenti Armando Guebuza, amene analamula kuyambira 2005 mpaka 2015, masukulu ankalimbikitsidwa kuti mwana aliyense abzale mtengo, ndipo mfumu iliyonse ikhale ndi nkhalango. Ganizo limeneli ndi labwino mpaka lero. Koma kubzala kokha sikukwanira. Mtengo umafuna kuthiriridwa ndi kuchingidwa ku mbuzi kufikira utakula.

Nchito ya aliyense

Nkhani ya moto si ya mayi okha. Bambo awaze nkhuni, amange posungira, ndipo afunse kwa alangizi za kamangidwe ka mbaula ya cumuni. Mayi asonkhe nkhuni zowerengeka zouma, avundikire mphika, ndipo khanda likhale kutali ndi utsi. Mfumu iteteze nkhalango ya mudzi. Aphunzitsi aonetse ana kusiyana kwa nkhuni youma ndi yaiwisi.

Mwana wa kalasi yoyamba nayenso ali ndi nchito. Angatole zitsononkho n'kuziika pouma. Angathirire mtengo wake. Angaletse mng'ono wake kusewera pamoto. Ndipo usiku, akaona mbaula ya makala m'cipinda, angakumbutse makolo mwaulemu kuti ituluke panja.

Zokambirana kunyumba

1. Kodi utsi umacokera kuti?
2. Kodi nkhuni youma imadziwika bwanji?
3. Ncifukwa ciyani mbaula ya makala sigona m'cipinda?
4. Kodi agogo ali ana, nkhuni ankazipeza kuti? Nanga lero zimapezeka kuti?